A Malemu Akukana Kufa

Lolemba

Sewero latha! Mawu omaliza ndalemba nthawi yopuma, ana anga a Sitandade 5 akulimbirana mpira panja. Mutu wake: "Katundu wa Malemu". Magawo asanu ndi awiri. Mwamuna amwalira, mlamu abwera ndi ngolo kudzasesa m'nyumba, mayi wamasiye atsala ndi mphasa. Ndi nkhani ya amayi anga, koma sindinawauze. Ndangowatumizira uthenga kumudzi kuti Loweruka atsikire ku holo ya ku boma, kuli mpikisano wa zisudzo. Opambana apita ku Blantyre. Gulu lathu la pa Lisungwi silinapiteko chiyambire.

Vuto ndi laputopu ya sukuluyi. Ndi nkhalamba. Fayilo ikatalika imayamba kuganiza, kuganiza, kagudumu kali zungulire ngati nkhuku ya chitopa. Koma ine si wa chaka chatha ayi. Mwezi wathawu ndinali ku maphunziro a makompyuta, ndipo mphunzitsi wathu, bambo wa tayi yofiira, anationetsa chinthu chotchedwa masita. Zili chonchi: fayilo yaitali umaidula m'timafayilo, mutu uliwonse kafayilo kake, ndiye pamakhala fayilo imodzi yaikulu yolumikiza tonse. Imeneyo ndiye masita. Ukaitsegula, buku lonse ili apa. Ukafuna gawo limodzi, utsegula kafayilo kake kokha, kompyuta osatopa. Manambala a masamba amadziyendera okha. Zamkatimu zimadzilemba zokha! Anzanga ankawodzera, ine maso ali gwa.

Ndiye ndachita. Ndadina, ndasunga, ndipo mu foda ya pa fulashi yanga mwaswa timafayilo tisanu ndi tiwiri ngati anapiye. Ndaitana ahedi kuti aone. Akuti, "Chabwino, koma laputopu isadwale."

Zochita sabata ino:
— kuyeserera madzulo aliwonse kuseri kwa tchalitchi
— Lachisanu kukapereka sewero losindikiza ku boma. Akuti zimene zili papepala ndi zimene tidzasewere, oweruza azidzatsatira ndi chala
— katoni yaikulu yoti ikhale filiji
— osakwiya
— OSAKWIYA

Madzulo ndapereka fulashi kwa a Bandawe, ometa pamsika. Ali ndi kompyuta yoikira anthu nyimbo m'mafoni, ndiye aikire wosewera aliyense magawo ake. Iwowo ndiwo Malemu wathu. Akuti, "Musade nkhawa madamu, ine ndi kompyuta tinayamwa bere limodzi."

Ndisanawapatse, ndakopera masita mu laputopu. Fulashi itatayika, sewero lonse ndili nalo. Nzeru ndi chuma!

Lachiwiri

Ndadzuka ndi mawu okoma m'mutu. Mlamu aziti, "Ngakhale mthunzi wa mtengo uwu ndi wa achimwene." Ndathamangira ku ofesi tisanayambe mapemphero, ndatsegula masita kuti ndiwonjezere.

Mulibe kanthu.

Ayi, muli kanthu: mizere isanu ndi iwiri ya buluu. Tsamba limodzi. Basi.

Ndadina batani lotambasula. Ikuti timafayilo sitikupezeka. Ndatseka, ndatsegula. Ndazimitsa, ndayatsa. Ndaiuzira m'mbali ngati mbaula. Mizere ija ili pomwepo, ikundiyang'ana.

Ndaimbira bambo wa tayi yofiira. Akuti, "Madamu, masita sisunga mawu. Imangoloza kumene kuli timafayilo. Ndinanena zimenezi." Ananena liti? Mwina pamene ndinatuluka kukayankha foni ya ahedi yofunsa makiyi a kabati.

Ndiye kuti sewero langa lonse, limene ndalilemba kuyambira dzinja la chaka chatha, lili m'thumba la buluku la a Bandawe. Limodzi ndi zipeso.

M'kalasi sindikukhazikika. Ndalemba pa bolodi "Gawo 3" m'malo mwa tsiku, ana onse akopera. Ndapereka samu imodzimodzi kawiri. Ndakhala pampando, ndadzuka, ndayang'ana pawindo ngati fulashi ibwera yokha pa njinga.

Poweruka, molunjika kumsika. Mometera muli loko. Mayi wa tchipisi wa pafupi akuti, "Apita ku Zalewa kukagula makina ometera." Foni yawo siikupezeka. Zalewa! Kumene munthu amatsika minibasi m'thumba muli mbee!

Ndadya tchipisi choimirira, sindinamve kukoma.

Madzulo, kuyeserera. Onse afika, ndipo afika msanga. Zimenezi sizinachitikepo. Aliyense foni m'manja, akumwetulira ngati anthu amene adya ndiwo za alendo. A Kamwendo opha mbuzi, amene akusewera Mlamu, andipatsa moni wa manja awiri. Mayi Nachisale a tomato, Namfedwa wathu, andikokera pambali: "Sewero lokoma madamu. Ife tangothirako kamchere."

Kamchere kanji?

"Mudzaona."

Popanda Malemu tangoyeserera gawo loyamba, ine ndikuwerenga mbali yawo pa foni ya mayi Nachisale. Gawo loyamba lili bwinobwino. Ndapempha kuti ndione magawo ena. Akuti batire latha. Onse. Nthawi imodzi.

Lachitatu

Fulashi yabwera! A Bandawe aibweretsa okha kusukulu, atavala magalasi akuda atsopano. Ikununkha sipiriti. Ndatsala pang'ono kuipsompsona.

Ndatsegula masita ya pa fulashi, ndatambasula. Mawu abwera. Ndapuma.

Kenako ndaona kuti sewero lanenepa.

Choyamba, gawo lachiwiri kulibe. Masita ikulifuna ndi dzina lakale, koma mu foda muli kafayilo kotchedwa GAWO 2 FAINOLO BANDAWE. Ndakalowetsa mu masita kuti ndione. Ndawerenga. Ndavula magalasi, ndapukuta, ndawerenganso.

Malemu sakufa.

Pamene ndinalemba kuti "Amwalira", palembedwa kuti "Akomoka pang'ono". Kenako atsegula maso, apempha tiyi wa mkaka, alankhula tsamba lonse za kufunika kwa chikondi, ndipo apita naye kuchipatala. Mu gawo lachisanu ndi chiwiri abwerako atavala suti, amenya Mlamu, anthu aombera m'manja. Zoombera m'manjazo zalembedwa momwemo.

Sewero la katundu wa malemu, lopanda malemu!

Zina zimene ndapeza:
— Gawo lachitatu, pamaliro (maliro a ndani, poti sanafe?), Namfedwa akuimba nyimbo ya ndime zisanu. Kenako akuuza olira kuti tomato wabwino ali pa benchi yoyang'anizana ndi chigayo.
— Gawo lachinayi, Mlamu asananyamule filiji akugwada n'kupemphera. Pemphero lalitali, la mavesi. Akuti, "Ambuye, mukudziwa kuti sindikufuna, koma katundu wa m'bale wanga asaonongeke m'manja mwa alendo."
— Gawo lachisanu, Mlamu abweza mbuzi. ABWEZA MBUZI. Mlamu uti anabwezapo mbuzi m'dziko muno?
— Zilembo za a Bandawe ndi zazikulu, zopindikapindika ngati za pa keke ya ukwati, ndipo matendawa afalikira mpaka m'zamkatimu.

Lolemba usiku onse anasonkhana mometera muja, aliyense n'kumanena zake, a Bandawe akutayipa. Sanakopere kaye. Analemba pamwamba pa zanga. Za m'mafoni mwawo ndi zothira mcherezo. Zanga zenizeni zili kuti? M'mutu mwangamu, ngati zilimo.

Ndazungulira bwalo la sukulu kawiri. Ahedi akuti, "Madamu, mwataya chiyani?" Ndati mwamuna. Sanafunsenso.

Madzulo sindinapite koyeserera. Ndatumiza uthenga kuti mutu ukundiwawa. Si bodza.

Lachinayi

Lero ndipha munthu.

M'mawa, pulani: kulembanso gawo lachiwiri kuchokera m'mutu, kuchotsa suti mu gawo lomaliza, kulanda mbuzi, kuchepetsa nyimbo. Ana ndawapatsa chimangirizo chakuti "Tsiku limene sindidzaiwala" kuti andisiye.

Gawo lachiwiri latsopano ndalemba m'kafayilo kakekake, ndakatcha GAWO 2 LENILENI. Malemu afa bwino kwambiri, kuposa poyamba. Mkwiyo umathandiza.

Kenako gawo lachisanu laonetsa kaloko pambali. Sindingalembemo. Ndani wakhoma? Ndaimbira bambo wa tayi yofiira, sakuyankha. Ndaimbanso. Akuti ali m'kalasi, ndipo kafayiloko mwina ndakatsegula kale pawindo lina la kompyuta. Ndayang'ana: ndakatsegula katatu. Chabwino. Wolakwa ndine. Koma mawu ake aja sanandisangalatse.

Manambala a masamba tsopano akuyenda chonchi: 1, 2, 3, 1, 1, 2, 1. Pakati pa magawo pamera masamba opanda kanthu. Ndikachotsa limodzi, gawo lotsatira limagona chammbali.

Masana, kumsika, kukakambirana.

A Bandawe ndawapeza akumeta mwana wolira. Ndati, bambo, dzina lanu m'seweroli ndi Malemu. Ma-le-mu. Ayimitsa makina. Akuti akufunsira mbeta ku Ligowe, ndipo akuchikazi onse abwera Loweruka kudzawaona. "Ndiye madamu, munthu wofa pa gawo lachiwiri, n'kugona pamphasa mpaka sewero kutha, angamupatse mkazi ndani?" Komanso amayi awo akuti kufunditsidwa nsalu yoyera uli moyo ndi malodza.

Takambirana mpaka mwana uja wagona ndi mutu wometa theka. Tagwirizana: afa, koma afa pang'onopang'ono, atavala suti, ndipo alankhula kaye mizere inayi ya chikondi. Nsalu ikhala ya maluwa.

A Kamwendo ndawapeza akusenda mbuzi, mpeni m'manja, ndiye ndalankhula mwaulemu. Akuti mwezi wamawa kuli masankho a akulu a mpingo ndipo dzina lawo lilipo. Chaka chatha anasewera chidakwa, mpaka lero amayi ena akawaona amabisa zikho za mgonero. "Mbuzi ndisabweze, chabwino. Koma pemphero likhale. Anthu aone kuti mtima wanga sunali pamenepo." Ndayang'ana mpeni. Pemphero likhala.

Mayi Nachisale: ndime ziwiri za nyimbo, tomato ayi. Akuti, "Nanga ndikangonyamula m'manja, osanena kanthu?" Pamaliro a amuna anu? "Anthu amadya pamaliro, madamu."

Madzulo, kubwerera ku ofesi. Magetsi kulibe chiyambire masana, batire lili pafiira. Changu! Ndalowetsa LENILENI mu masita, ndasunga. Ndachotsa FAINOLO BANDAWE. Ndavula suti mu gawo lomaliza, ndalanda mbuzi, ndadula nyimbo. Ndadina kusunga, kagudumu kayamba kuzungulira, kuzungulira, ndiye sikilini yangoti bii.

Yasunga. Ndikukhulupirira kuti yasunga. Inazungulira nthawi yaitali ndithu.

Katoni ya filiji sindinaipeze. Ndapeza ya sopo.

Lachisanu

Ahedi andipatsa tsiku lopita ku boma, nkhope ili ngati ndapempha impso. Magetsi sanayakebe, laputopu yakufa. Ndatenga fulashi yokha, ndaimanga pa mpango, mpango ndaika malo amene wakuba wa ulemu sangafikeko.

Kabaza wa njinga yamoto kukwera mapiri kupita ku boma. Fumbi m'mano. Dzanja limodzi lagwira chitsulo, lina lili pachifuwa. Wakabaza akuti, "Mayi, mtima?" Ndati eya.

Ku boma, malo osindikizira apafupi ndi msika. Mzere wa anthu: wina makalata ofunsira ntchito, wina pulogalamu ya chinkhoswe, wina akufuna chithunzi chake achichotse mimba. Ine ndikungopondaponda. Ofesi yolandira masewero akuti Lachisanu amaweruka masana.

Nthawi yanga yafika. Mayi wosindikiza watsegula masita, wadina, makina alira, atulutsa pepala limodzi. Mizere ya buluu, koma yakuda poti inki ya mtundu kulibe. Akundipatsa: "Sewero lanu lalifupi bwanji."

Ndati tambasulani kaye! Akuti atambasule chiyani? Ndazungulira tebulo, ndagwira mausi ndekha, anthu a pamzere akung'ung'udza. Mawu abwera. Kompyuta yafunsa mafunso atatu a Chingerezi chachitali, ndayankha eya, eya, eya. Nthawi yowerenga palibe. Makope awiri, la oweruza ndi langa. Sitepula yakana kuboola, tamanga ndi ulusi.

Ndathamanga. Ndapeza bambo wa mu ofesi akutseka mawindo. Alandira, adinda chidindo, aponya mu kabati, akhoma. "Mwachita mwayi, mayi."

Ndagula nthochi, ndakhala pa khonde la sitolo, ndatsegula kope langa kuti ndisangalale pang'ono.

Gawo lachiwiri: Malemu afa. Bwino.
Tsamba lotsatira, gawo lachiwiri: Malemu akomoka pang'ono, adzuka, apempha tiyi wa mkaka.

Sinasunge.

Zonse zimene ndinakonza dzulo batire likutha zapita ndi mphepo. Magawo achiwiri alipo awiri, langa ndi la a Bandawe, motsatizana ngati mapasa. Kenako maliro a munthu amene ali kuchipatala. Ndime zonse zisanu. Tomato. Pemphero. Mbuzi zibwerera. Suti.

Ndabwerera ku ofesi kuthamanga. Loko. Mlonda akuti bwana apita kumudzi, makiyi a kabati ali m'thumba mwawo. Nthawi zonse moyo wanga uli m'thumba la buluku la munthu wina!

Nthochi ndaiwala pa khonde paja.

Pobwerera wakabaza yemwe uja akuti, "Mtima uli bwanji tsopano?" Ndagwira chitsulo ndi manja onse awiri.

Loweruka

M'mawa, pa lole ya a Kamwendo yonunkha mbuzi. Ndaimirira, ndagwira chitsulo, ndalengeza: tisewera zimene zili papepala. Zonse. Monga zilili.

A Bandawe awerenga kope langa, avula magalasi akuda. "Ndiye kuti ndifa, kenako ndidzuka?" Eya. "Madamu, Mulungu akudalitseni." Mayi Nachisale atulutsa tomato m'chikwama. Anali atanyamula kale.

Holo yadzaza. Oweruza atatu kutsogolo, mapepala athu patebulo. Akuchikazi a a Bandawe atenga benchi yonse, mbetayo ili pakati. Amayi anga ali pamzere wachitatu, avala chitenje chawo cha ku Mvano, manja pamiyendo. Ine kuseri kwa nsalu, ndikuluma chivindikiro cha bolopeni.

Gawo loyamba, bwino.

Gawo lachiwiri. A Bandawe afa. Afa ndithu, pang'onopang'ono, mu suti, mizere inayi yasanduka khumi. Mayi Nachisale alira mpaka holo yonse yati zii. Ndasuzumira: amayi anga aweramitsa mutu. Nsalu ya maluwa yafunditsidwa.

Oweruza atembenuza tsamba. Atembenuzanso lopanda kanthu. Ayang'anana.

Nsalu yagwedezeka. Malemu akhala tsonga. "Kodi muli tiyi wa mkaka m'nyumba muno?"

Mayo ine. Holo yaphulika. Ana a kutsogolo athawa. Mayi wina wagwa pa benchi. Woweruza wamkulu akuloza papepala ndi chala, akuonetsa anzake kuti zilipo, zalembedwa. Mbeta ya ku Ligowe yabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Maliro achitika, mwini wake ali kuchipatala. Palibe wafunsa. Ndime zisanu zonse. Tomato: wina kumbuyo wakuwa, "Mulu bwanji?"

Gawo lachinayi. Ndatseka maso. A Kamwendo agwada patsogolo pa katoni ya sopo, dzanja limodzi kumwamba, lina lagwira kale filiji. "Ambuye, mukudziwa kuti sindikufuna..." Akupemphera ndi mtima wonse, mawu akunjenjemera, kuti anthu aone kuti ndi munthu wabwino.

Kuseka kwatha. Kenako mayi wina pakati pa holo waimirira: "Ndi momwemo! Amatero kumene!" Wina: "Wakuba iwe!" Amayi ambiri ayamba kukuwa, wina waponya chitsononkho. A Kamwendo akweza mawu a pemphero, anthu akwiya kwambiri. Atanena ameni n'kusenza katoni, holo yonse yaimirira.

Ine miyezi yonseyi ndinkalemba Mlamu wokalipa, wotukwana. Sankaopsa chonchi. Ndaima kuseri kwa nsalu, ndipo chimene chikundiwawa n'chakuti gawo labwino kuposa onse m'sewero langa walemba ndi wopha mbuzi.

Pobweza mbuzi anthu akuwa kuti, "Bodza!" Ndinanena ine.

Suti yabwerera, Mlamu wamenyedwa, anthu aombera m'manja monga zinalembedwera.

Zotsatira: ndife achitatu. Ku Blantyre kupita ana a sekondale ndi sewero lawo la kolera. Ife satifiketi ndi ndowa ya pulasitiki. Woweruza wamkulu akuti, "Mlembi ali ndi nzeru zachilendo, ndipo osewera atsatira pepala mokhulupirika. Koma tsamba 1 talipeza malo ambirimbiri."

Pa lole pobwerera onse akuimba nyimbo ya mayi Nachisale. A Kamwendo okha angogwira chiwongolero, maso pa msewu. Amayi anga akwera nafe, agona kwathu.

Lamulungu

Thupi lonse likuwawa ngati ndalima dimba.

Kutchalitchi, a Kamwendo apemphedwa kutsekera ndi pemphero. Atangoti "Ambuye, mukudziwa", kumbali ya amayi kwamveka kutsokomola kwambiri. Potuluka ana akuwaitana kuti a Filiji. Sanandipatse moni, ngakhale wa dzanja limodzi. Nyama ya mbuzi ndiyamba kugula kwina.

A Bandawe akuti akuchikazi avomera. Malume a mbeta anena kuti munthu wodzuka kwa akufa n'kuyamba wafunsa tiyi sangagonetse mkazi ndi njala. Mayi Nachisale akuti tomato anatha dzulo lomwelo.

Ahedi anditumizira uthenga: amva kuti ndine katswiri wa masita, ndiye mawa ndikalumikize mapulani a aphunzitsi onse akhale buku limodzi. Ndayankha kuti chabwino. Ndilibe mphamvu zoti ndikane.

Masana, pakhonde ndi amayi, tikusenda nandolo. Ndowa ya mphoto ili pakati pathu, makoko tikuponya momwemo. Ndikudikira kuti anene kanthu. Nandolo wafika theka.

Kenako akuti, "Bambo ako aakulu sanapemphere. Ankaimba nyimbo ya m'buku, akuzula malata."

Ndiye kuti anadziwa. Ndati pepani amayi, sewero linasokonekera. Silinayenera kutero. Chaka chamawa ndilikonza, ndilemba bwinobwino mu fayilo imodzi, munthu uja afa kamodzi n'kukhala wakufa ngati mmene zimakhalira.

Asiya kusenda.

"Umuphenso chifukwa chiyani?"

Ndati amayi, ndi mmene nkhaniyo inayendera.

"Ndikudziwa mmene inayendera, ndinalipo. Ine ndinakonda pamene anadzuka paja. Ndi mmene bambo ako akanachitira, kuyamba ndi tiyi." Aseka pang'ono, apukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, atola nandolo wina. "Musiye adzuke."

Sabata yonse ndakhala ndikuthamangitsa munthu mmodzi kuti ndimuphe, pa kabaza, pa fulashi, ndi batire lofiira.

Chabwino. A Bandawe apambana. Ndikawauza mawa, koma osati pamaso pa anthu.